Kusankha mpeni wopinda umene umapirira madzi: zimene ndaona pa usodzi wa mbedza

Ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre ndipo ntchito yanga ndi ya mu ofesi, koma Loweruka likafika mpata ulipo, ndimanyamula mbedza n'kutsetsereka mapiri a Thabwa kukawedza mumtsinje wa Shire ku Chikwawa, kapena kulowera ku Zomba mpaka padoko la Kachulu kunyanja ya Chilwa, ndipo tchuthi chikatalika ndimakafika ku Mangochi. Pa zipangizo zonse zimene ndimanyamula, chimene chandidyera ndalama kwambiri si mbedza kapena twaini, koma mpeni wopinda. Pa mipeni yonse imene inandifera m'manja ndaona kuti dzimbiri kawirikawiri siliyambira pa chitsulo chodulira chimene tonsefe timachiyang'anitsitsa pogula. Limayambira popindikira ndi m'kati mwa loko (kachitsulo kogwira mpeni kuti usapindike ukatsegulidwa), mmene madzi amalowa n'kugonamo masiku angapo mwini mpeni osadziwa.

Pa ntchito yotumbula nsomba zambiri nthawi imodzi, mpeni wosapinda ndiwo wabwino, chifukwa ulibe malo obisalamo uve ndipo suchedwa kutsuka. Amayi amene amatumbula ndi kung'amba milamba m'madoko sagwiritsa ntchito mipeni yopinda, ndipo akudziwa chimene akuchita. Koma munthu wochokera m'tauni, amene akwere minibasi yodzaza, kenako kabaza, n'kukamaliza ulendo m'bwato logwedezeka, sayenera kukhala ndi chitsulo chakuthwa chili poyera m'chikwama. Mpeni wopinda umakhala m'thumba osasautsa munthu, ndipo umatuluka pokhapokha pofuna kudula twaini, kuduladula nyambo, kudula bango limene lakola mbedza, kapena kutumbula makumba ochepa oti awotchedwe pagombe.

Chitsulo cha mpeni chimakhala ndi carbon, amene amachilimbitsa kuti chizitha kunoleka n'kusunga kuthwa. Chimatchedwa stainless chikakhalanso ndi chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse. Chromium ameneyu akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, kamene kamatchinga chitsulo kuti madzi asachidye, ndipo kachikopako kakakandika kamabwereranso kokha, bola pamalopo pakhale poyera ndi popita mpweya. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Pansi pa mamba ouma, magazi a nsomba ndi matope zimene zakanirira popindikira sipafika mpweya wokwanira, ndipo mchere wa m'magazi ndi wa m'thukuta la munthu umaboola kachikopa kaja n'kuyamba kukumba timaenje ting'onoting'ono. N'chifukwa chake mpeni ukhoza kunyezimira kunja koma ukukana kutseguka, ndipo mukaukakamiza umatulutsa madzi ofiirira.

Mpeni wopangidwa ndi kampani yodziwika umakhala ndi dzina la chitsulo chake lodindidwa pafupi ndi chogwirira, ndipo mayina amenewa ndi ofunika kuwadziwa ngakhale akuoneka ngati manambala a galimoto. Chitsulo cha 12C27, chochokera ku Sweden, chili ndi chromium pafupifupi magawo 13.5 pa 100 ndi carbon magawo 0.6 okha, sichichita dzimbiri msanga ndipo chimanoleka bwino ngakhale pamwala wamba. Cha 420HC chili pafupi ndi chimenechi pa kupirira madzi, ngakhale chimabuntha msanga pang'ono. Cha 440C chili ndi chromium wambiri, magawo 16 mpaka 18, koma carbon wakenso ndi wambiri, choncho chimasunga kuthwa nthawi yaitali n'kukhala cholimba ponola. Cha 8Cr13MoV cha ku China ndi AUS-8 ya ku Japan zimapezeka pa mipeni yambiri ya mtengo wapakati, ndipo zimagwira ntchito bwino m'madzi opanda mchere ngati munthu sachita ulesi kutsuka.

Chimene ndikufuna kuchenjeza anzanga ndi chitsulo cha D2, chifukwa chadzaza pa intaneti ndipo ogulitsa amachitamanda kwambiri. N'zoona kuti D2 imachedwa kubuntha, ndipo pa pepala ili ndi chromium pafupifupi magawo 12 pa 100, koma ili ndi carbon pafupifupi 1.5, ndipo carbon wochuluka chonchi amagwira gawo lalikulu la chromium n'kulimanga m'kati mwa chitsulo, moti wotsala wotchinga dzimbiri amachepa. Mpeni wotere ndi wabwino podula zingwe ndi makatoni pamalo ouma, koma m'bwato umachita mawanga usiku umodzi wokha. Mnzanga wina amene timawedza naye anabwera nawo ku Chikwawa akuunyadira, ndipo pofika m'mawa wa tsiku lotsatira unali utayamba kale timadontho tofiira pamene panagwera magazi a mlamba.

Pamwamba pa zonsezi pali zitsulo zimene m'malo mwa carbon wambiri anaikamo nitrogen, monga H1 ya ku Japan ndi LC200N ya ku Germany. Nitrogen amalimbitsa chitsulo osalanda chromium ntchito yake, choncho zitsulo zimenezi zimakhala m'madzi a mchere osachita dzimbiri looneka. Kampani ya Spyderco ya ku Colorado ku America yakhala ikuzigwiritsa ntchito pa mipeni yake ya mtundu wa Salt, imene yambiri ili ndi zogwirira zachikasu. Palinso MagnaCut, chitsulo chimene chinatuluka mu 2021, chimene chimapirira madzi komanso chimasunga kuthwa. Mipeni imeneyi ndi yokwera mtengo, ndipo munthu asanathamangire kuitanitsa ayenera kudzifunsa kaye kuti amawedza m'madzi otani.

Madzi a m'nyanja ya Malawi, a ku Malombe ndi a mu Shire alibe mchere wodetsa nkhawa, popeza amayenda n'kukathira mu Zambezi. Nyanja ya Chilwa ndi ina: ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho dzuwa likamaphwetsa madzi mchere umatsalira momwemo, ndipo umachuluka kwambiri nyanjayo ikaphwa m'miyezi yotentha. Mpeni umene ku Mangochi ndimangoupukuta pa buluku osaona vuto, ku Kachulu umafuna kutsukidwa ndi madzi abwino tsiku lomwelo. Nyanja yamchere yeniyeni, monga ku Beira, ili ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo kumeneko ndi kumene H1 kapena LC200N zimabweza ndalama zake. Maganizo anga ndi akuti kwa ife owedza makumba, mphende ndi milamba kuno kwathu, 12C27 kapena 420HC ndi zokwanira, ndipo ndalama yotsalayo ndi bwino kuiika pa chogwirira ndi loko yodalirika.

Tsiku lina ku Kachulu ndinaona mkulu wina akusoka ukonde, akudula ulusi ndi mpeni wakale wa chitsulo cha carbon chimene si stainless, wa mtundu wa Okapi uja wa mphete umene makolo athu ambiri anali nawo. Unali wakuda bii koma wopanda dzimbiri lofiira. Ndinawafunsa kuti, "Madala, mpeni umenewu sukuchita dzimbiri bwanji pamene mumakhala nawo m'madzi tsiku lililonse?" Iwo anaseka n'kuyankha kuti, "Bambo, dzimbiri limagwira mpeni wogona. Wangawu ndimaunola m'mawa uliwonse, ndiye ligwire nthawi yanji?" Ananena zoona, ndipo yankho lawo limasiyanitsa msodzi weniweni ndi ife a m'tauni. Mpeni wa carbon umathwa kwambiri ndipo ukamagwira ntchito tsiku ndi tsiku umangoda n'kukhala choncho. Wathu ife umanyowa Loweruka, n'kugona m'chikwama kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu pamodzi ndi twaini wonyowa, ndipo m'nyengo ya mvula kapena ya chiperoni, pamene ngakhale zovala siziuma pachingwe mu Blantyre, masiku amenewo ndi okwanira kuti loko iume gwa. Choncho munthu wowedza mwa apo ndi apo ndiye amene akufunika kwambiri chitsulo cha stainless.

Chogwirira ndi chimene ambiri sachiganizira. Cha mtengo chimakongola ndipo chimagwirika bwino chikauma, koma chikamwa madzi chimafufuma ngati chitseko cha matabwa m'dzinja, n'kupana chitsulo moti kuti mutsegule mpaka kugogoda pamwala. Ndinali ndi mpeni wina wotere umene chitsulo chake chinali chabwino ndithu, koma pamadzi unkakana kutseguka nthawi yeniyeni imene ndikuufuna. Chogwirira cha chitsulo chosalala nacho chimaterera dzanja likadzola mamina a mlamba, ndipo aliyense amene anagwirapo mlamba wamoyo akudziwa kuti nsomba imeneyi ilibe mamba, imaterera, ndipo minga ya m'mbali mwake imabaya koopsa. Pa nthawi yotere simufuna kuti mpeninso uziterera. Chimene ndakhazikika nacho ndi chogwirira cha pulasitiki wolimba wokhala ndi timizere tokhakhala, umene opanga amautcha FRN, kapena cha mtundu wina wofanana nawo wotchedwa G10. Zimenezi sizimwa madzi, sizifufuma, ndipo sizisunga fungo la nsomba. Mtundu wake ukhale wowala, wachikasu kapena wofiirira ngati lalanje, chifukwa mpeni wakuda ukagwera m'matope kapena pa namasupuni wa mu Shire simuupezanso, ndipo m'mbali mwa mtsinje umenewo, mmene muli ng'ona, si mofufuzamo ndi manja.

Mukautsegula mpeni m'sitolo, yang'anani m'kati mwa chogwirira mutauloza ku kuwala. Mipeni ina ndi yotsegula kumsana, moti madzi amalowa mbali imodzi n'kutulukira ina, ndipo imeneyi imatsukika ndi kuuma msanga. Ina ndi yotseka, yokhala ndi timapepala ta chitsulo m'kati mwa chogwirira, ndipo pakati pa timapepalati ndi pulasitiki ndi pamene madzi amabisala. Dziwaninso kuti dzina la chitsulo limene ladindidwa limanena za chodulira chokha. Sipuling'i, timisomali ndi kachitsulo kokolowekera pathumba zikhoza kukhala za chitsulo china chotsika. Mpeni wanga wina unali bwinobwino chodulira chake, koma sipuling'i ya loko inadyeka mpaka kuthyoka, ndipo mpeni wopanda loko yogwira ndi wotaya. Kuyambira pamenepo ndimakonda mpeni womangidwa ndi masikuluu oti ndikhoza kumasula n'kutsuka m'kati, osati wokhomedwa kotheratu. Ndimapewanso mipeni yotseguka yokha mukadina batani, ndi ija yokhala ndi timabering'i popindikira kuti izitseguka mofewa, chifukwa mchenga wa pagombe ukalowa mmenemo umakukuta, ndipo tizitsulo tambirimbiri timangochulukitsa malo a dzimbiri.

Za loko ndinene mwachidule. Mpeni wopanda loko ukhoza kupindikira pa zala pamene mukuboola mimba ya nsomba, choncho si wa m'bwato. Loko ya kumsana, yotchedwa lockback, ndi yolimba ndipo dzanja lililonse, lamanja kapena lamanzere, limaitha, koma kamphako kamene dzino lake limalowamo kakadzaza mchenga kapena mamba siigwira mokwanira, ndiye kamafuna kuchotsedwa uve kawirikawiri. Ya m'mbali, yotchedwa liner lock, imatsukika mosavuta, koma potseka chala chimadutsa panjira ya chodulira, ndipo manja akazizira m'mamawa pamafunika kusamala. Ndagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ndipo ndimakondera ya kumsana chifukwa kawirikawiri siimasuka mwangozi.

Chinthu chimene sindingachisiye ndi chakuti mpeni uzitseguka ndi dzanja limodzi. Pamadzi dzanja lina limakhala litagwira nsomba, ndodo kapena m'mphepete mwa bwato, ndipo twaini akakulunga chala pamene kampango kapena mlamba waukulu ukukoka, palibe nthawi yofufuza kamzere kokolera chikhadabo, chimenenso chimakhala chitafewa ndi madzi. Mpeni wokhala ndi bowo kapena kachikhomo kokankhira ndi chala chachikulu umatseguka ngakhale manja ali onyowa. Chodulira chake cha masentimita 8 mpaka 10 chimakwanira ntchito zonse zimene ndatchula. Chachitali kuposa apa chimalemera m'thumba ndipo chimaopsa anthu pachabe. Nsonga isakhale yosongoka kwambiri ngati mumawedza m'bwato, popeza funde limodzi likhoza kuitumiza pa ntchafu yanu kapena ya wopalasa. Za mano a macheka anthu amasiyana maganizo. Manowa amadula chingwe cha nayiloni chonyowa ndi ukonde mofulumira kwambiri kuposa mpeni wosalala, koma amang'amba mnofu wa nsomba ndipo sanoleka pamwala wamba. Ine ndinasankha wosalala, chifukwa ntchito yanga yambiri ndi nyambo ndi kutumbula, koma amene amatchera maukonde akhoza kupindula ndi wokhala ndi mano theka.

M'misika ya Limbe, Ndirande ndi Blantyre komanso m'mahadiweya mumapezeka mipeni yopinda yambiri yolembedwa kuti stainless popanda dzina la chitsulo kapena la wopanga. Ina mwa imeneyi ndi yabwino ndithu pa mtengo wake, chifukwa chitsulo chofewa chokhala ndi carbon wochepa sichichita dzimbiri msanga, kungoti chimabuntha mofulumira. Ina ndi ya chitsulo wamba chongokutidwa ndi zonyezimira pamwamba, ndipo mukangoinola kamodzi zokutirazo zimachoka, dzimbiri n'kuyamba m'mbali yakuthwa n'kumalowa pansi pake. Ena amayesa ndi maginito, poganiza kuti stainless weniweni sagwira maginito. Zimenezi zimachitika pa mapoto ndi masinki ena, koma chitsulo cha mipeni chimagwira maginito ngakhale chili stainless, choncho kuyesa kumeneku sikukuuzani kanthu. Njira imene imandithandiza ndi ya mandimu: mukafika kunyumba nolani pang'ono mbali yakuthwa, dontheziranipo madzi a ndimu, n'kudikira mphindi zingapo. Chitsulo cha carbon chimada pamalopo, pamene stainless sasintha. Pamsika pomwepo yesani loko: tsegulani mpeni, gwirani chogwirira zala zili kutali ndi njira ya chodulira, n'kukankha msana wake ndi dzanja linalo, ngati ukugwedera kapena kupindika, usiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Makampani ena amalemba poyera mtundu wa chitsulo, monga Opinel ya ku France imene imadinda Carbone kapena Inox pa chodulira, ndipo wa pamadzi ndi wa Inox, kutanthauza stainless.

Ngakhale mpeni utakhala wabwino chotani, chimene chimausunga ndi ntchito ya mphindi zochepa mukabwerako. Ndikafika ku Chilomoni, ndisanayambe n'komwe kupala nsomba, ndimautsegula theka, n'kuutsuka pampopi ndi sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, makamaka popindikira ndi m'kamphako ka loko. Kenako ndimaukutumula, kuupukuta, n'kuusiya wotsegula pamalo opita mphepo pamene ana sangafike mpaka m'mawa. Ukauma ndimadontheza kadontho kamodzi ka mafuta popindikira. Mafuta ophikira amathandiza mwadzidzidzi, koma akakhalitsa amanata n'kuyamba kununkha, ndipo amakola mchenga. Oili wa galimoto ndi mafuta opopera a m'zitini si oyenera pa mpeni wokhudza chakudya. Ine ndimagwiritsa ntchito liquid paraffin wa ku famase, amene alibe fungo ndipo sawonongeka. Ameneyu si parafini wa nyali, ndipo awiriwa asasokonezedwe. Mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi chlorine musawayandikize, ngakhale fungo la nsomba litakanirira, chifukwa chlorine amadya stainless. Madzi a ndimu amachotsa fungolo, bola mutsukuluze pambuyo pake. Timawanga ta dzimbiri tikaoneka, soda kapena phulusa lonyowa pa kansalu zimatichotsa. Waya wotsukira mapoto amakanda chitsulo, ndipo ngati ndi wa chitsulo wamba amasiyapo tizidutswa timene timachitanso dzimbiri. Posunga, musauike m'jumbo kapena m'kachikwama ka chikopa, popeza zonsezi zimasunga chinyezi.

Ponola ndimagwiritsa ntchito mwala wa mbali ziwiri wa ku hadiweya, ndimaunyowetsa ndi madzi, ndipo chodulira ndimachipendeketsa madigiri pafupifupi 20 mbali iliyonse. Makina onolera a magetsi amadya chitsulo chambiri ndipo akachitenthetsa mpaka kusintha mtundu chimafewa m'mphepete, choncho mpeni waung'ono sindiupereka kumeneko.

Mipeni yambiri ya asodzi satha ndi dzimbiri kokha, ina imangomira. Sankhani wokhala ndi bowo kumapeto kwa chogwirira, mumangirire chingwe cholimba, ndipo mbali inayo mumange pa lamba wa buluku, osati m'khosi, chifukwa chingwe cha m'khosi chikakola pa nthambi kapena bwato likagubuduka chikhoza kukupanani. Njira ina ndi kumangirira kachidutswa ka silipasi yakale kuti mpeni uziyandama, monga mmene asodzi ena amachitira ndi maukonde awo. Yesani kaye mu ndowa kunyumba, chifukwa mpeni wolemera umafuna chidutswa chachikulu kuposa mmene munthu angaganizire, ndipo ichi ndi chifukwa china chosankhira chogwirira chopepuka cha pulasitiki.

Amene mwatsimikiza kugula wa H1 kapena LC200N, mwina mudzatuma achibale a ku Johannesburg kapena kuitanitsa pa intaneti. Mipeni ya makampani otchuka ili ndi yabodza yambiri yofanana nayo maonekedwe ndi zolemba zomwe, koma chitsulo chake n'china, ndipo chizindikiro choyamba ndi mtengo wotsika modabwitsa. Auzeni achibalewo kuti akagule m'sitolo yeniyeni ya zipangizo za usodzi ndipo asunge lisiti. Ngati akubwera pa ndege kudzatera ku Chileka, mpeniwo auike m'chikwama chachikulu chopita ku katundu, chifukwa m'chikwama cha m'manja achitetezo a pabwalo la ndege sadzaulola kudutsa.